A Gerevazio ndi Dothi la Alamu Awo

Tsiku lililonse akaweruka kumunda, a Gerevazio sankatulukamo msanga ngati anthu ena. Ankayamba akhala pa mwala wa m'malire, n'kutola kamtengo, n'kumapala matope a ku khasu. Akatha khasu ankapala kumapazi, mpaka pakati pa zala, ndipo matope onsewo ankawakankhira m'munda momwemo. Akatero m'pamene ankadzuka kupita kunyumba. Ana ochokera ku sukulu ku Bembeke ankawatsanzira panjira, akupala mapazi awo pa udzu ndi nkhope zachikulu. Eni ake ankawaona, koma sanaleke.

Nyumba yathu imayang'anana ndi phiri lomwe pali mundawo, choncho zimenezi ndakhala ndikuziona kuyambira ndili wamng'ono. Ndinapita ku sekondale, ndinabwerako, ndinawapeza akupalabe mapazi pa mwala womwewo. Ine sindinawafunsepo chifukwa chake. Amene anawafunsa ndi amayi anga, tsiku lina akuchokera kotunga madzi.

"Kodi alamu, dothi la kuphazi lomweli lingakusaukitseni?"

"Si langa," anayankha a Gerevazio. "Lili ndi eni ake. Ndikapita nalo kunyumba adzati ndaba."

Amayi anaseka poyesa ndi nthabwala. Mwina inalidi nthabwala. Ndi a Gerevazio zinali zovuta kudziwa.

Iwo si a m'mudzi mwathu. Kwawo ndi ku Kaphuka. Kuno anabwera chikamwini, atakwatira a Magadalena, achibale awo a amayi anga, ndipo monga mwa mwambo wathu mwamuna amalima pa nthaka ya kwa mkazi wake. Mkamwini watsopano sapatsidwa dimba kapena pachidikha. A Gerevazio anawalozera chigawo cha m'munsi mwa phiri, pomwe madzi onse ochokera kumtunda ankadutsa. Amayi amati pamalopo panali nsangalabwi ndi kaufiti basi, ndipo pakati panadutsa chigwembe choti mbuzi ikagweramo inkangomveka kulira. Anthu ankati mnyamata wa ku Kaphuka amupatsa njira ya madzi kuti alimemo.

Sanadandaule. Miyala imene anzawo ankataya m'malire, iwo ankaitola n'kuindandalika mopingasa phiri, mzere pano, mzere wina kumunsi kwake. M'chigwembe anakhoma zikhomo n'kulukamo nthambi, kuseri kwake n'kubzala nthochi. Zaka zambiri zitapita, mlangizi wa zaulimi anabweretsa udzu wa vetiva, umene mizu yake imagwira nthaka. Anthu anaulandira mwaulemu n'kukausiya kuseri kwa nkhokwe, popeza munthu saudya ndipo mbuzi siziukonda. A Gerevazio anayenda khomo ndi khomo kupempha umene unali usanaume, nakaubzala m'mphepete mwa miyala yawo. A Magadalena ankati anakwatiwa ndi mwamuna amene amabwera kunyumba ndi manja ong'ambika koma opanda kanthu. Ankanena zimenezi akuwapaka mafuta m'manjamo.

Chaka cha chilala cha 1992 zitsime zambiri zinaphwa. Koma kumunsi kwa munda wa a Gerevazio, pomwe chigwembe chinkathera, panali kadzenje kamene kankatuluka madzi mpaka mvula ina inagwa. Amayi a m'mudzi monse ankatunga pamenepo. Ena ankati ndi chifukwa cha mapemphero a pa Mphakati wa tchalitchi, ena ankati pamalopo panaikidwa munthu wolungama kalekale. A Gerevazio ankamva zonsezi ali chakumtunda pang'ono, akukonza miyala, ndipo pa Mphakatipo ankapita nawo kukathokoza.

Kumtunda kwa munda umenewu kunali munda wa a Vinsenti, mlongo wawo wa a Magadalena. Iwo ndiwo anali mwini mbumba, woyang'anira alongo awo ndi ana a alongowo, choncho sanapite chikamwini. Akazi awo, a Nachisale, anachita kuwatengera kuno. Munda wawo unali wa dothi lakuda, lofewa, loti khasu limalowa lokha. Nthawi ya chipani chimodzi a Vinsenti anali munthu wa lamulo. Mlangizi akabwera kudzayeza akalozera, mizere ikuluikulu yopingasa imene mizere ina yonse imatsatira, wogwira chingwe anali iwo. Wina akalima motsetsereka, ankamufikira pakhomo n'kumufunsa ngati ali ndi maganizo otsutsa boma.

Kenaka kunabwera matipate. Mlangizi uja anasamuka, wina sanabwere. Anthu anayamba kulowa m'nkhalango ndi nkhwangwa dzuwa likuswa mtengo, ndipo wowafunsa ankamuyankha kuti zinthu zasintha. A Vinsenti nawo anasintha, msanga kuposa aliyense. Chaka cha chisankho anafafaniza akalozera onse m'munda mwawo, naunga mizere yotsika ndi phiri, yowongoka ngati nsungwi, nabzala mbatata ya kachewere.

Sikuti anachita zamisala. Kachewere safuna madzi oima, ndipo mvula ya kuno ikachuluka amaolera pansi. Mizere yotsika imachotsa madzi msanga. Chimene lamulo lakale linkaletsa, mbewuyo inkachifuna. Chaka choyamba a Vinsenti anakumba kachewere wamkulu ngati zibakera. A Harun, amalonda a ku Boma, anatumiza lole mpaka pamene msewu wafumbi umathera, ndipo pasanapite nthawi nyumba ya a Vinsenti inafoleredwa ndi malata.

Tsiku lina ndikudutsa ndinawamva awiriwa akulankhulana pamalire.

"Alamu, mukulimabe za boma lakale?" anatero a Vinsenti. "Simunamve kuti tinamasuka?"

"Ndinamva pa wailesi."

"Nanga miyalayi mukuopa ndani? Wokumangani palibe tsopano."

"Madziwa sanamvere nawo wailesiyo, alamu."

"Madzi ndi a Mulungu. Asiyeni azipita."

"Akumapita ndi katundu wanu."

"Dothi langali silitha. Makolo athu analima pompano, ndipo lilipobe."

A Vinsenti anaseka, ndipo kuyambira tsiku limenelo anawapatsa dzina loti a Boma Lakale. Dzinalo linagwira. M'mudzi monse zinkadziwika kuti pa riferendamu a Gerevazio anavotera nyali, chizindikiro cha matipate, pomwe a Vinsenti anayenda nyumba ndi nyumba kukumbutsa anthu za tambala wakuda wa chipani chimodzi. Koma dzina likakoma m'kamwa anthu salitaya chifukwa cha zinthu ngati zimenezo.

Mvula ikagwa tinkaonera tili pakhonde. Madzi ankatsika m'mizere ya a Vinsenti akuda bii, akuthamanga, n'kudzafika pa mzere woyamba wa miyala. Pamenepo ankaima, n'kufalikira m'mbali, n'kumadutsa m'vetiva pang'onopang'ono. Pofika kumunsi kwenikweni amakhala atayera, oti n'kuchapira. Katundu yense ankatsala kwa a Gerevazio. Iwo mvula ikamagwa sankabisala. Ankafunda thumba la feteleza pamutu n'kumayendera mizere yawo ndi khasu, kutseka pamene pagumuka. Kangapo konse anakwera okha kukauza alamu awo kuti dothi likutsika. Ankalandiridwa bwino, kupatsidwa mpando ndi thobwa, n'kuperekezedwa mpaka panjira.

Patapita nyengo zingapo miyala ija inakwiririka. Munda unasanduka masitepe, sitepe iliyonse yodzaza dothi lakuda. Chigwembe chinatsekeka, nthochi zinabereka mikoko yoti munthu mmodzi sanyamula. Chimanga cha a Boma Lakale chinkabisa munthu wamtali. Kumtunda kachewere anayamba kuchepa mpaka anafika ngati mazira a nkhunda, ndipo lole ya a Harun inasiya kubwera. Pakati pa mundawo panatulukira thanthwe, ndipo chaka chilichonse linkakula. A Vinsenti ankati vuto ndi feteleza wa masiku ano.

Amene sankasangalala ndi chimanga chija anali a Magadalena. Amayi anawamva tsiku lina akulankhula ndi amuna awo kumunda, pokolola.

"Abambo a Marita, mukukometsa kwambiri. Siyani pena pakokoloke, pazioneka ngati pa anthu ena."

"Ndisiye dala?"

"Tsiku ndidzafe ine, chimanga chomwechi ndicho chidzakuchotseni pamudzi pano."

"Ndiye musafe," anatero a Gerevazio, napitiriza kukolola.

A Magadalena anadwala chifuwa chimanga cha 1997 chili m'munda. Anapita nawo ku chipatala ku Boma, anabwera nawo, anapita nawonso. Anamwalira m'nyengo yozizira. Anasiya mwana mmodzi, Marita, amene mwamuna wake anapita kukagwira ntchito ku minda ya fodya ku Kasungu osabweranso. Marita anali ndi ana aang'ono, wina wakumsana.

Kwathu kuno mkazi akamwalira, mkamwini amatsala ngati mlendo amene womuitana wachoka. Pakatha miyezi ingapo abale a mbali zonse amakumana kuti amusudzule, ndiye kuti kumumasula abwerere kwawo. Ena amaloledwa kukhala, ngati ana akuwafuna ndipo mwini mbumba sakuona chovuta. Akamwini aulesi ambiri akalambira m'mudzi muno popanda wowakumbutsa njira ya kwawo, chifukwa minda yawo panalibe woisirira. Za a Gerevazio aliyense ankadziwa kuti zikhala zina. Misozi isanaume, a Vinsenti anayamba kuoneka chakumadzulo akuyenda m'masitepe aja, manja kumbuyo, akuponda dothi ndi chidendene.

A Gerevazio anali atakalamba. Ku Kaphuka anachokako ali mnyamata, ndipo minda ya amayi awo inali kale m'manja mwa ana a alongo awo. Kuchotsedwa kuno kukanatanthauza kukakhala pakhonde la munthu, kudikira mbale. Marita anawauza kuti ngati munda ukupita, bola agumule miyala yonse mvula isanagwe, amalume alandire chigwembe chawo monga chinalili. Iwo anamumvetsera mpaka anamaliza, nanyamula khasu kupita kukasosa, ngati kuti chaka chimenecho adzakolola ndi iwo.

Msonkhano unachitika mu Okutobala, pansi pa mitengo ya mapichesi pakhomo pa malemu. Kuchokera ku Kaphuka kunabwera a Petulo, ang'ono awo a a Gerevazio, pa njinga. Ine ndinakhala kumbuyo ndi amayi. A Vinsenti, monga mwini mbumba, ndiwo anatsegula nkhani, ndipo ndiwonso amayenera kudzaitseka.

Anayamba ndi kuyamikira. Anati a Gerevazio anali mkamwini wosamwa, wosamenya mkazi, wopemphera. Anati anasamala mlongo wawo mpaka kumanda, ndipo sanamvekepo akukweza mawu pamudzi. Anayamikira nthawi yaitali moti amayi anandinong'oneza kuti munda wapita.

"Tsono pali kankhani ka munda," anatero a Vinsenti. "Ine sindingalande mwana wa mlongo wanga. Marita ndi mwana wanga. Koma tinene zoona pamaso pa anthu. Alamu, pamene munkapatsidwa malo aja panali chiyani?"

"Nsangalabwi."

"Dothi lakuda lija munabwera nalo kuchokera ku Kaphuka?"

"Ayi."

"Linachokera kuti?"

"Kumtunda."

"Kumtunda kwa yani?"

"Kwanu, alamu. Ndinkabwera kudzakuuzani."

"Mwamva nonse, avomera okha. Dothi lija ndi la munda wakumtunda. Ine sindikupempha cha munthu. Ndikungolitsatira kumene linapita."

Anthu anang'ung'udza, ena anaweramitsa mitu kubisa kuseka. Wotsutsa sanapezeke, chifukwa pa zonse zimene zinanenedwa panalibe bodza. Amene analankhula anali Marita, ali chogwada.

"Amalume, nanga miyala ija inatsikanso yokha?"

"Miyala ndi ya phiri, mwanawe. Kumtunda iliko yambiri, sukaisowa. Tamvera bwino. Ine nditenga wakumunsi, iwe ndikukupatsa wanga wonse, ndipo ndi waukulu kuposa uja. Ndi amalume angati amene amapereka munda waukulu n'kutsala ndi waung'ono?"

Maso onse anapita kwa a Petulo, popeza ndiwo anabwera kudzaimira mbale wawo. A Petulo anakhosomola, nati za minda ya eni iwo sangalowerere. Chimene anabwera kudzanena n'chakuti ku Kaphuka malo kulibe.

"Achimwene akabwera tiwalandira, ndi magazi athu," anatero. "Kungoti kolima kulibe. Kogonanso n'kovuta."

"Zimenezo mukakambirana kwanu," anayankha a Vinsenti. "Mwambo sindinaupange ndine. Zina zonse zinasintha, koma mwambo sitinauvotere. Alamu tawamasula. Akhoza kunyamuka mvula isanagwe, njira isanaterere."

"Ndamva," anatero a Gerevazio. Anali atakhala pa kampando kafupi, chipewa pa bondo, akuyang'ana pansi.

Mkazi wotengedwa salankhula pa nkhani za mbumba ya mwamuna wake. Choncho a Nachisale anayenda chogwada mpaka kuseri kwa amuna awo, ngati akukachotsa chikho cha thobwa, n'kuwanong'oneza. Koma a Nachisale kunong'ona sadziwa. Tonse tinamva.

"Abambo a Kalisto, akapita awa, kumtunda kuzikatseka ndani?"

"Kutseka chiyani?"

"Madzi. Mizere ija munaiwongola nokha, ndipo yaloza pamunda pomwe mukufunapo. Marita angathe yekha, ndi mwana kumsana? Inu mvula ikamagwa mumakhala pamoto. Muzidzuka ndinu ndi thumba pamutu?"

"Iwe, tachoka apa."

A Nachisale anachoka ndi chikho chawo. A Vinsenti anayang'ana kuphiri. Kuchokera pamene tinakhala thanthwe linkaoneka bwino, loyera, ndi mizere yotsika ija m'mbali mwake, ina itasanduka kale tingalande. Yonse inaloza pa masitepe. Ndikuganiza kuti aka kanali koyamba kuti a Vinsenti auone munda wawo monga amauonera munthu wokhala kumunsi.

Anakonza pakhosi.

"Komabe ife si anthu ankhanza," anatero. "Munthu wakalamba pakati pathu, waika mkazi m'manda athu, tingamuthamangitse bwanji? Alamu akhale. Azithandiza Marita kumtunda kuja. Ntchito ya miyala amaidziwa, ndipo ndinene pano kuti ine ntchito imeneyo ndakhala ndikuilemekeza."

Woyamba kuomba m'manja anali a Petulo, ndipo anaomba mwamphamvu. Ena anatsatira. Akuluakulu anayamikira mtima wabwino wa mwini mbumba, nati masiku ano anthu otere akusowa. Marita anadzuka n'kulowa m'nyumba, osatseka chitseko.

A Gerevazio anathokoza monga mwa ulemu, kwa alamu awo, kwa mbumba yonse, ndi kwa ang'ono awo amene anapalasa njinga mtunda wonsewo. Anthu atayamba kusuntha mikeka, iwo anakwezanso dzanja.

"Kuti ndisadzalakwitse, alamu. Dothi lija mwati ndi la munda wakumtunda?"

"Ndatero, ndipo anthu awa ndi mboni."

"Ndipo munda wakumtunda tsopano ndi wa Marita?"

"Wonse. Ndi thanthwe lomwe."

"Zikomo. Ndamva."

Nkhuku inabwera, anthu anasamba m'manja. A Petulo anadya bwino, nanyamuka dzuwa lisanapendeke, ataiwala kutsanzikana ndi akulu awo.

M'mawa mwake kunali nkhungu. Ndikusesa pabwalo ndinaona a Gerevazio akupita kwa a Vinsenti. Anaodira, nabwereka wilibala, imene m'mudzi muno inali yokhayo. A Vinsenti anaitulutsa okha, poganiza kuti ndi yotutira miyala, nawauza kuti asafulumire kubweza. A Gerevazio anaikankha mpaka pa sitepe yoyamba ya munda wakumunsi, pamene dothi linali lakuya kuposa pena paliponse. Anaidzaza ndi fosholo mpaka pakamwa, naitembenuzira kuphiri. Marita anamanga chingwe kutsogolo n'kumakoka, mwana ali kumsana, bambo ake akukankha pambuyo. Anakwera pang'onopang'ono, akupuma panjira. Atafika anakhuthula dothilo m'mphepete mwa thanthwe, naliyala ndi khasu, natsikanso ndi wilibala yopanda kanthu.